Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale Ataundana

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwambiwu timaunena pochenjeza munthu amene akukumba maziko a nyumba pamalo pomwe kale pankadutsa mtsinje. Mtsinjewo ungaphwe zaka khumi, pamalopo n'kumera nsenjere, anthu n'kuyamba kubzalapo chimanga, koma tsiku limene mvula idzagwe yamphamvu kumtunda, madzi adzatsika osafunsa njira kwa wina aliyense. Ndikamaganizira za maboti akuluakulu amene amagonera m'madzi nyengo yonse yachisanu kumaiko a kumpoto, mwambi umenewu sundichoka m'mutu, chifukwa boti ndi nyumba imene munthu amamanga dala pakati pa khwawa. Pamene pakhala boti ndi pamalo pa madzi. Boti lolemera matani 20 limakankhira pambali madzi olemera matani 20, ndipo madzi amenewo usana ndi usiku amakhala akulikanikiza mbali zonse, kufuna kubwerera pakwawo. Satopa, sagona, komanso sachita phuma.

Chodabwitsa n'chakuti omanga maboti amaboola okha thupi la boti, mabowo ambiri ndithu, ena mwa iwo pansi pa madzi penipeni. Injini imafuna madzi oiziziritsa, choncho ili ndi bowo lake. Chimbudzi chili ndi awiri, lolowetsa ndi lotulutsa. Sinki ya kukhitchini, jenereta, makina oziziritsa m'zipinda, kachipangizo koyezera kuya kwa nyanja, chilichonse chili ndi khomo lake. Kumbuyo kuli bowo lina lodutsamo chitsulo chozungulitsa pulopela, ndipo pa maboti ambiri akale malo amenewa anawapanga kuti azidontha pang'ono injini ikamayenda. Boti la mamita 12 kapena 15 likhoza kukhala ndi mabowo otere khumi kapena kuposerapo. Pa bowo lililonse la pansi pa madzi pamayenera kukhala mpopi wotsekera, kawirikawiri wamkuwa, umene amalinyero amautcha seacock, kenako paipi ya labala yomangidwa ndi timalamba tiwiri tachitsulo. Boti lingagulidwe ndalama zochuluka bwanji, moyo wake wonse uli pa mipopi ndi timalamba timeneti.

Bowo laling'ono tisalipeputse. La masentimita 2.5 okha, likakhala masentimita 60 pansi pa madzi, limalowetsa malita pafupifupi 60 pa mphindi imodzi. Zimenezo ndi ndowa zitatu za kuchitsime zija, zodzadza ndendende, mphindi iliyonse, popanda wokazitaya. Ola likamatha mwalowa matani oposa 3. Ndipo boti likamalemera limatsika, bowo lija limapita pakuya, madzi n'kumalowa mwamphamvu kuposa poyamba.

M'miyezi yotentha zimenezi siziopsa kwenikweni, chifukwa pa doko pamakhala anthu. Mwini boti amabwera Loweruka lililonse, wa boti loyandikana nalo amaona ngati lapendekeka, wina wongodutsa amamva pampu ikulira kosalekeza n'kukauza a mu ofesi. Koma pitani mu Januwale ku Buffalo, ku Milwaukee kapena ku Duluth, m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu za pakati pa United States ndi Canada. Ku Duluth kumazizira mpaka kupitirira madigiri 25 pansi pa ziro. Nyanja ya Erie, yomwe ndi yosazama kuposa zinzake zinayi, zaka zina imaundana pafupifupi yonse, moti kuyambira mu 1964 chaka chilichonse amayala mpanda woyandama pamene nyanjayi imathira mumtsinje wa Niagara, kuti zibuma za madzi oundana zisakokolokere kumunsi n'kukatseka makina opangira magetsi. Mumtsinje wa Buffalo, boti lozimitsa moto la Edward M. Cotter, lomangidwa mu 1900, ndi limene limaphwanya madzi oundana kuti mtsinje usatsekeke n'kusefukira m'makomo mwa anthu. M'nyengo yotere pa doko la maboti pamakhala zii. Matabwa oyendapo amaterera, dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko madzulo, ndipo munthu aliyense wanzeru amakhala m'nyumba. Chisanu chimathamangitsa anthu kaye, kenako n'kuyamba ntchito yake pa boti.

Maboti ambiri amakhala atawatulutsa kale mu Okutobala, atawakhazika pa zitsulo kumtunda n'kuwakuta ndi pulasitiki yoyera. Amene amatsala m'madzi ali ndi zifukwa zawo, ndipo sindikufuna kuwayesa opusa. Boti lina ndi lalikulu kuposa makina onyamulira a pa doko limenelo. Lina ndi nyumba ya munthu, amagona momwemo chaka chonse. Lina ndi lamatabwa, ndipo matabwa akauma kumtunda amafota n'kutsegula mipata. Kwa ena vuto ndi mtengo wotulutsira ndi wosungira. Palinso chifukwa chimodzi chimene chili choona ndithu: madzi osaundana amakhala ofunda kuposa mpweya wa usiku wachisanu, choncho boti lokhala m'madzi limafunditsidwa kumimba, pamene la kumtunda mphepo imaliomba pansi ndi pamwamba pomwe. Kukazizira mwadzidzidzi usiku umodzi, injini ya boti la kumtunda ndi imene imayamba kung'aluka. Koma kusiyana kwake n'kwakuti boti la kumtunda likang'aluka mpopi, mwini wake amalira ndalama zokonzera. La m'madzi likang'aluka mpopi, amakalipeza pansi pa doko.

Madzi ali ndi khalidwe limene zinthu zambiri zilibe: akamaundana amafufuma. Malita 100 akaundana amafuna malo a malita 109, ndipo malo owonjezerawo amawapeza basi, kaya atsekeredwa mu labala, mumkuwa kapena m'chitsulo cha injini. Madzi a m'nyanja zopanda mchere amaundana pa ziro, a m'nyanja yamchere amapirira mpaka pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro, koma pamapeto onse amagonja. Kachikho kosefera madzi opita ku injini, kamene nthawi zambiri kamakhala kapulasitiki koonekera m'kati, kamasweka. Paipi imafufuma n'kuvuka pamene inalowetsedwa. Ngakhale mpopi wotseka bwinobwino ukhoza kusunga timadzi pang'ono m'mimba mwake, ndipo timadzi timeneto n'tokwanira kung'amba mkuwa.

Apa ndi pamene chisanu chimanyengera anthu. Usiku umene mpopi wang'aluka, boti silimira. Madzi oundana amene aung'ambawo ndi omwenso atseka mng'aluwo, ali gwa, osalola ngakhale dontho kudutsa. Mwini boti akabwera m'mawa mwake amasuzumira pansi n'kupeza pouma, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. Mlungu umatha, wina n'kuthanso. Ndiye limafika tsiku lokoma lija, ladzuwa, chipale chofewa chikusungunuka m'misewu, madenga akudontha, aliyense akuti chisanu chathyoka msana. Tsiku limenelo ndi limene chotsekera chija chimasungunuka, ndipo madzi amene anadikira mwezi wathunthu amalowa. Makolo athu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Iwo ankanena za mtsinje wosefukira, koma mawuwa amakwanira ndendende pa doko la kumpoto. Munthu wosadziwa amachita mantha usiku wozizira kwambiri, n'kupumula kukafunda. Wodziwa amathamangira ku doko pa tsiku loyamba lofunda, ndipo sanena kuti boti lake ladutsa bwino chisanu mpaka atatsegula ndi kuyesa mpopi uliwonse mu Epulo.

Ntchito yotchinjiriza zonsezi imachitika masamba akamayoyoka, ndipo si yovuta kuimvetsa, ngakhale ndi yotopetsa msana. Cholinga chake n'chimodzi: m'boti musatsale madzi wamba paliponse pamene angaundane. Munthu amatseka mpopi wa injini, amachotsa paipi yokoka madzi n'kuiviika m'chidebe cha antifreeze, n'kuliza injini mpaka mankhwalawo atatulukira ku ekizozi. Amagwiritsa ntchito wa pinki uja, wopangidwa ndi propylene glycol, osati wa m'galimoto wa ethylene glycol, amene ndi poizoni kwa nsomba, agalu ndi anthu omwe. Amakhuthula matanki a madzi akumwa ndi giza, amapemerera mapaipi ndi mpweya wa kompuresa, amathira mankhwala omwewo m'chimbudzi ndi m'masinki. Kenako amakwawa ndi tochi m'malo opanikiza a pansi, kutseka mpopi uliwonse, kumasula kabawuti kokhetsera madzi otsalira, kugwedeza paipi iliyonse kuti aone ngati labala wafooka, kukanda kalamba kalikonse kuti aone ngati dzimbiri lakadya kunsi kumene diso silifika. Pambali pa bowo lililonse amamangirirapo chikhomo chamtengo wofewa, chosongoka mbali imodzi, kuti mpopi ukadzathyoka adzangochikhomera. Amamangitsa pa chitsulo cha pulopela paja kuti pasadonthe. Ndipo amachotsa paipi yobweretsa madzi a pampopi kuchokera pa doko, chifukwa paipi imeneyo ikasiyidwa yotsegula, china n'kuphulika m'kati, boti limadzadza ndi madzi a tauni yonse, amene sadzatha mpaka wina atabwera kudzatseka.

Pali mabowo ena amene sangatsekedwe, ndipo amenewa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Ndi timifuleni totulutsa madzi a mvula pamalo otseguka a kumbuyo kwa boti. Mukatitseka, mvula idzadzaza malowo. Mukatisiya totsegula, masamba a mitengo amatitseka, madzi amaundana m'mapaipi ake, ndipo chipale chofewa chikasungunuka masana madziwo amasowa kolowera, amakwera, n'kupeza chitseko cha chipinda cha injini. Chipale chofewacho pachokha ndi katundu. Chimaoneka chopepuka chikamagwa, choyera mbee, chosachita phokoso, koma chonyowa chimalemera makilogalamu 300 kapena kuposa pa kiyubiki mita imodzi. Boti la malo a pamwamba okwana masikweya mita 40, likaunjikidwa masentimita 30 a chipale chotere, lasenza matani oposa 3 ndi theka. Limatsika. Ndiye mabowo amene mmisiri anawaika chala chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa madzi, a ekizozi, a pampu, a sinki, amene mwini wake sanawaganizirepo chifukwa ankaoneka ali pouma, amapezeka ali pansi pa madzi. Ambiri mwa iwo ndi apulasitiki amene dzuwa la zaka zambiri linawapsereza. Fosholo ndi tsache zapulumutsa maboti ambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Bungwe la eni maboti la ku United States, la BoatUS, limene limagulitsanso inshuwalansi, lakhala likuunika madandaulo a makasitomala ake kwa zaka zambiri, ndipo limanena mobwerezabwereza kuti maboti ambiri omira amamira ali chimangirire pa doko, osati ali pa ulendo. Ife timaganiza za namondwe, za mafunde, za miyala yobisika. Koma maboti ambiri amafa pa malo awo ogona, nyanja ili bata, popanda munthu woona. Bungwe lomweli linapezanso kuti madandaulo ochuluka a zinthu zong'aluka ndi chisanu amachokera kumadera ofunda, monga Texas ndi California, kumene anthu amati kuno sikuzizira kwenikweni, tidzaona kukayamba kuzizira. Wa ku Minnesota sazengereza, chifukwa chisanu amachidziwa kuyambira ali mwana. Wa kumadera ofunda ndiye amagwa m'mbuna ya mwambi uja wakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu Febuluwale 2021 chisanu choopsa chinagwa ku Texas, magetsi anathima m'nyumba ndi m'malo a ntchito oposa 4 miliyoni, kwina kwa masiku angapo, ndipo anthu oposa 200 anafa. Pamene anthu akulimbana ndi kupulumutsa moyo wawo ndi wa ana awo, ndani akanaganiza za boti? Chilichonse chimene sichinakonzedwe mu Novembala chinasiyidwa m'manja mwa chisanu.

Nkhani ya magetsiyi ikundifikitsa pa chimene ndikufuna kunena kwenikweni. Anthu ambiri osiya maboti m'madzi amaika chikhulupiriro chawo pa makina. Amati pali pampu, pali hita, pali waya wa magetsi wochokera pa doko. Ndimamvetsa chifukwa chake, pakuti palibe amene amafuna kuyendetsa galimoto mtunda wautali pa msewu woterera kukangosuzumira pansi pa boti. Koma tiyeni tiyang'ane makinawo limodzi ndi limodzi.

Pampu imakhala m'chidikha cha pansi penipeni pa boti, chimene amachitcha bilge, ndipo imayatsidwa ndi kachipangizo koyandama kamene kamakwera madzi akakwera. Anaipangira madzi a mvula ndi timadontho, osati bowo. Malita olembedwa pa katoni yake anawayeza pampuyo isakukweza madzi m'mwamba ngakhale pang'ono, choncho ikaikidwa m'boti, ndi paipi yayitali yokhotakhota, imatulutsa ochepa kwambiri. M'chisanu kachipangizo koyandama kaja kakhoza kugwidwa ndi madzi oundana n'kukhala chete madzi akukwera. Kapena paipi yotulutsira imaundana, pampu n'kumalira osatulutsa kanthu mpaka batire litatheratu. Batire nalo mphamvu yake imachepa kukazizira, ndipo lopanda moto limaundana msanga n'kung'aluka, pamene lodzadza limapirira kuzizira koopsa. Chimene chimalidzadza ndi magetsi a pa doko, ndipo magetsiwo amathima nthawi iti? Amathima usiku wa mphepo yamkuntho, mitengo ikagwera pa mawaya, usiku womwewo umene chipale chofewa chikuunjikana pamwamba pa boti. Ife amene tinakulira kumene magetsi amathima sitifunika kuuzidwa kuti chinthu chodalira waya umodzi sichimugonetsa munthu tulo. Zinthu zitatu zimene mwini boti amaziwerenga ngati alonda atatu, pampu, batire ndi hita, zamangidwa pa chingwe chimodzi, ndipo zimagwa pamodzi.

Komanso pampu yogwira bwino ntchito ili ndi vuto lina lobisika: imabisa matenda. Boti likhoza kumadontha kwa miyezi, pampu n'kumatulutsa mwakachetechete, mwini wake n'kumapeza pouma nthawi zonse, osadziwa kuti mwezi watha pampuyo inkalira kawiri pa tsiku ndipo tsopano ikulira kawiri pa ola. N'chifukwa chake odziwa amaikapo kachipangizo kowerenga kuti pampu yayaka kangati. Koma nambala imeneyonso imafuna munthu woiwerenga.

Hita ndiye yoopsa pawiri. Ikathima, zinthu zimaundana. Ikapitiriza kuyaka popanda woiyang'anira, imatentha boti. Izi sizichitikira maboti ang'onoang'ono okha. Pa 1 Febuluwale 2021, sitima yonyamula miyala ya chitsulo ya Roger Blough, yotalika mamita oposa 260, inali itaima kudikira kuti chisanu chithe ku Sturgeon Bay, m'chigawo cha Wisconsin. M'chipinda cha injini munali ng'anjo ya dizilo yofunditsa malowo kuti mapaipi asaundane. Usiku, mbali ina ya ng'anjoyo inathyoka, paipi ya mafuta inasweka, moto unabuka. Bungwe la boma lofufuza ngozi za mayendedwe, la NTSB, linati katundu woonongeka anaposa madola 100 miliyoni. Munthu mmodzi amene ankagona m'sitimamo, mlonda wake, anadzuka n'kutuluka wamoyo. Chinthu chimene chinaikidwa kuti chiteteze sitima ku chisanu ndi chimene chinaiononga.

Pali makina amodzi amene ndimawalemekeza, chifukwa salimbana ndi madzi koma amagwiritsa ntchito khalidwe la madziwo. Madzi opanda mchere amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4, choncho m'nyengo yachisanu ofundirapo amakhala pansi, ozizira kwambiri pamwamba. Anthu amamiza kamota kokhala ndi pulopela pansi pa boti, kapena kuyala paipi yamabowo yotulutsa thovu la mpweya, kuti madzi a pansi aja azikwera n'kumasungunula pamwamba. Mukayang'ana doko lotere mu Febuluwale mumaona dera lonse loyera, koma boti lililonse lili m'kadziwe kake kakuda, kogwedezeka. Zimathandiza, makamaka pamene madzi oundana amayenda ndi mphepo kapena amakwera ndi kutsika, chifukwa amenewo ndi amene amapala thupi la boti, kupinda chiongolero ndi kuzula mizati ya doko. Koma kamota kameneka nakonso kamadya magetsi omwe aja.

Eni sitima zikuluzikulu za pa nyanja zimenezi anaphunzira kalekale zimene eni maboti ambiri safuna kumva. Chaka chilichonse zipata za pa Sault Ste. Marie, zolumikiza nyanja ya Superior ndi zinzake, zimatsekedwa pa 15 Januwale mpaka pa 25 Malichi. Sitima zonyamula miyala ya chitsulo, malasha ndi tirigu zimakaima ku Duluth, ku Superior, ku Sturgeon Bay, ku Toledo ndi m'madoko ena. Zina mwa izo, 13 zonse pamodzi, ndi zotalika mamita oposa 300. Kungolowa pamalo ogona kumene kuli ndi ngozi zake: pa 14 Januwale 2008, sitima ya Walter J. McCarthy Jr. ikubwerera chammbuyo kulowa pa doko lake la chisanu ku Superior, inagunda chinthu chobisika pansi pa madzi n'kubooka, ndipo chipinda cha injini chinadzadza mpaka injini zake zinayi zinamira. Koma sitima zikakhazikika, amalinyero akapita kwawo, makampani sasiya chuma chotere m'manja mwa mawaya okha. Amasiyamo munthu. Ntchito yake ilibe ulemerero uliwonse. Amayenda m'makonde ozizira a sitima yopanda anthu, amayang'ana zingwe zomangira, amayeza ngati madzi akwera pansi, amamvetsera phokoso lachilendo, amanunkhiza ngati kuli utsi, amachotsa chipale chofewa pa makwerero. Masiku ambiri sapeza kalikonse. Ndipo munthu wosamvetsa akhoza kunena kuti akulipidwa ulere. Koma tsoka silinunkha, ndipo kampani imene imawerenga dola iliyonse inawerenga n'kupeza kuti maso a munthu mmodzi ndi otchipa kuposa sitima.

Komabe maso ali ndi malire ake, ndipo nkhani ya USS The Sullivans imandimvetsa chisoni pa chifukwa chimenechi. Ndi sitima yankhondo yotalika mamita pafupifupi 115, imene inalowa m'madzi koyamba pa 4 Epulo 1943. Dzina lake ndi la anyamata asanu a bere limodzi ochokera ku Waterloo, m'chigawo cha Iowa, George, Francis, Joseph, Madison ndi Albert Sullivan, amene anafera limodzi pamene sitima yawo ya USS Juneau inamizidwa pa nkhondo ya ku Guadalcanal mu Novembala 1942. Mayi wawo ndi amene anaidalitsa pa tsiku loilowetsa m'madzi. Inamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi ya ku Korea, inapuma ntchito mu 1965, ndipo mu 1977 anaiika mumtsinje wa Buffalo ngati malo okaonako mbiri. Iyi si sitima yotayidwa. Anthu amaikonda, asilikali opuma amadzipereka kuisamalira, ana a sukulu amabwera kudzaiona. Koma inamangidwa mwachangu pa nthawi ya nkhondo, ndi zitsulo zopyapyala kuti izithamanga, ndipo palibe amene ankaganiza kuti idzakhala m'madzi zaka pafupifupi 80, zoposa 40 mwa izo mumtsinje umene umaundana chaka ndi chaka. Timati pang'onopang'ono ndi mtolo polimbikitsa wosonkhanitsa chuma, koma dzimbiri nalo limasonkhanitsa mtolo wake mwa njira yomweyo.

Mu Febuluwale 2021 sitimayi inayamba kulowa madzi n'kupendekeka. Anthu anasonkha ndalama, akatswiri osambira pansi pa madzi anayamba kumata thupi lake. Ntchitoyo inaima nyengo yozizira itafika, chifukwa zomatira zake sizigwira m'madzi ozizira kwambiri, ndipo inali pafupi kuyambiranso. Chisanu chinatha. Ndiye pakati pa Epulo 2022, madzi oundana atachoka, thupi la sitima linabooka mbali ya kumanja, madzi analowa mofulumira kuposa mmene mapampu akanatulutsira, ndipo pofika m'mawa wa pa 14 Epulo anthu a ku Buffalo anaiona itagona cham'mbali, kumbuyo kwake kutamira. Chinaithandiza n'chakuti mtsinje pamalopo si wozama kwambiri. Panatenga milungu ingapo ya kupopa, kuchotsa mafuta ndi kutseka mabowo ambirimbiri kuti iimenso chilili. Apa panalibe mwini waulesi. Panali anthu achikondi amene ankayang'ana tsiku ndi tsiku, koma matenda anali kunsi, kumene munthu woima pa doko sangaone, ndipo kumene wosambira amangomata chigamba pa chitsulo chimene chatha kale. Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike, anatero akale. Za pansi pa boti sizikonzeka bwino boti lili m'madzi. Tsiku lina liyenera kutuluka, liume, anthu aligogode ndi nyundo, ayeze kukhuthala kwa chitsulo, adule chimene chavunda. Chaka chilichonse chimene mwini wake wasankha kulisiya m'madzi, wasankhanso kusaona mimba yake.

Nyanja yathu ya Malawi siundana, ndipo woyendetsa boti ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay sadzagulapo antifreeze wa pinki. Koma mvula ya mu Januwale imadzadza boti losiyidwa pa nangula mofanana ndi chipale chofewa chosungunuka, batire limatha chimodzimodzi, ndipo paipi ya labala imakalamba kulikonse. Chosiyana n'chakuti kumpoto kuja chisanu chimachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: chimaswa zimene zinali zolimba, n'kuthamangitsa munthu amene akanaona kuti zasweka.

Ndiye kwa amene ali ndi boti kumaiko ozizira, kapena wapatsidwa udindo woyang'anira la wina, ndili ndi mawu ochepa. Werengani pepala lanu la inshuwalansi Okutobala asanafike, chifukwa makampani ambiri salipira zoonongeka ndi chisanu kapena ndi kutha kwa zipangizo, pokhapokha mutagwirizana nawo mwapadera. Kenako dzifunseni moona mtima ngati mudzatha kufika pa doko mlungu uliwonse, komanso m'mawa uliwonse wotsatira chipale chofewa, kuthima kwa magetsi kapena tsiku loyamba lofunda, n'kulowa m'kati, n'kutsegula pansi, n'kuunika ndi tochi. Ngati simudzatha, pezani munthu wodziwa maboti, mumulipire, mumupatse makiyi ndi nambala yanu ya foni. Ngati nayenso palibe, litulutseni m'madzi boti limenelo, ngakhale mtengo wake ukuwawa.